Mpunga unali wobiriwira koma thumba lapepuka: ndi dzuwa la masana kapena kutentha kwa usiku?

Mlimi wa ku Nkhotakota:
Moni akuluakulu nonse pa gulu lino. Ndabwera ndi nkhani imene yandikhala pamtima, mundithandize nzeru. Chaka chino ndinalima mpunga wa mthirira koma ndinaokera mochedwa, chifukwa nazale yoyamba mbuzi zinadya, ndiye ndinachita kufesanso. Mpunga unatulutsa ngala chakumapeto kwa Okutobala n'kumakhwima mu Novembala. Madzi sanaphwe m'munda ngakhale tsiku limodzi, feteleza ndinathira kawiri monga mwa nthawi zonse, ndipo masamba anali obiriwira moti odutsa m'njira ankaima n'kumandiyamikira. Koma nditamweta n'kupuntha, thumba lodzaza mpaka kukamwa ndikulikweza ndekha pa njinga osavutika. Kuchigayo ndiye mtima unandiwawa. Misere yokhayokha, ndipo njere zimene sizinasweke zili ndi pamimba poyera ngati choko. Ogula akangotapa m'manja n'kuyang'ana, mtengo akutsitsa pompo.

Mayi a kunyumba akuti vuto ndi kutentha kwa usiku, chifukwa masabata amenewo tinkagona pakhonde, m'nyumba simunkagoneka. Ine ndikuti mbewu imapsa ndi dzuwa, ndipo usiku kulibe dzuwa. Akulondola ndani?

Wa ku Chikwawa:
Achimwene pepani ndi zimenezi. Koma ine ndikukayikira feteleza. Mwina munathira wambiri wa urea mochedwa, mpunga n'kungopita ku masamba. Za usikuzi sindikugwirizana nazo. Kuno ku Ngabu kumatentha usana ndi usiku chikhalire, koma tikulima mpaka lero.

Mlimi wa ku Nkhotakota:
Feteleza ndi muyeso womwewo umene ndinathira chaka chatha achimwene, ndipo chaka chatha mpunga unalemera bwino. Chasintha ndi nthawi yookera basi.

Mlangizi wopuma ntchito:
Bambo a ku Nkhotakota, kapepeseni kunyumba, mayi aona patali. Ndifotokoze mmene ndinkafotokozera alimi ndikadali pa ntchito.

Mbewu masana imakhala pa ganyu. Tsamba limatenga kuwala kwa dzuwa, madzi ochokera ku mizu ndi mpweya wa carbon dioxide umene umalowa pa timabowo ting'onoting'ono ta pa tsambalo, n'kupanga shuga. Shuga ameneyo ndiye malipiro ake. Wina amapita kukamanga mizu ndi masamba, wina amapita ku njere kukasanduka ufa umene ife timadya. Tsono mbewu nayo ndi chamoyo, imapuma usana ndi usiku, ndipo kupumako kumatentha shuga yemweyo. Dzuwa likalowa ganyu yatha, palibenso cholowa, koma kudya kukupitirira. Usiku ukakhala wozizira mbewu imadya pang'ono, chotsala chimapita ku ngala. Usiku ukatentha imapuma mothamanga. Kawirikawiri kutentha kukakwera ndi madigiri 10, kupumaku kumawirikiza pafupifupi kawiri. Ndiye kukucha, nkhokwe yachepa kale.

Pali chachiwiri. Kutentha kumafulumizitsa mbewu kukhwima, ndiye masiku odzazira njere amafupika. Ufa umalowa m'njere mothamanga osatsenderana bwino, mkati mumatsala timipata ta mpweya. Kuyera ngati choko mwaonako ndi kumeneko, ndipo njere yotere ikangokhudzana ndi chigayo imasweka.

Mayi wa tomato ku Ntcheu:
Alangizi, apa ndiye mwandifika pamtima. Ine tomato wa mu Okutobala ndi Novembala amandiliza chaka ndi chaka. Mitengo imakula bwino, maluwa achikasu ali mbuu, koma m'mawa ndikalowa m'dimba ndimapeza maluwa ali pansi, ayoyoka ndi kamphuno kake komwe. Ndimathirira m'mawa ndi madzulo. Ndinkayesa ndi matenda, ndawononga ndalama zambiri pa mankhwala opopera.

Mlangizi wopuma ntchito:
Mayi, tomato ndiye sabisa n'komwe. Usiku ukamakhala pamwamba pa madigiri 21 kapena 22 kwa masiku angapo otsatizana, mungu wake umafooka, duwa silitenga, limangogwa. Mankhwala sangachize zimenezo.

Wophunzira ku Bunda:
Moni makolo anga. Ndiloleni ndionjezere pa zimene alangizi anena, chifukwa nkhani ya mpungayi anthu anaiyeza ndithu, si zongoganizira. Ku Philippines kuli malo a kafukufuku wa mpunga otchedwa IRRI, ku Los Baños. Kumeneko amalemba nyengo tsiku lililonse pa munda wawo. Ataona mabuku awo kuyambira 1979 mpaka 2003, anapeza kuti kutentha kwa masana kunakwera ndi madigiri 0.35 okha, pamene kwa usiku kunakwera ndi 1.13. Kutentha kwa usiku kunakwera kuposa katatu poyerekeza ndi kwa masana. Kenako Shaobing Peng ndi anzake anayika manambala amenewa pambali pa zokolola za m'minda yawo yoyeserera, mmene madzi ndi feteleza sizinkasowa. Zotsatira anazitulutsa mu 2004: pa mpunga wa nyengo ya chilimwe, usiku ukatentha ndi digiri imodzi yokha, zokolola zinkatsika ndi 10 pa 100 iliyonse. Kutentha kwa masana sikunaonetse kukhudza zokolola moonekera.

Taganizani bambo, digiri imodzi munthu suyimva n'komwe pathupi, koma pa matumba 10 yachotsapo limodzi.

Wa ku Chikwawa:
Achemwali, kumeneko ndi ku Philippines. Kuno ndi ku Malawi. Komanso mukufuna kutiuza kuti dzuwa la masana lilibe vuto? Bwerani kuno mu Januwale kukachita ng'amba, mudzaone chimanga chikupinda masamba ngati anyezi nthawi ya 11 koloko m'mawa. Chimenecho ndi usiku?

Wophunzira ku Bunda:
Ayi bambo, sindikunena choncho, ndipo mwachita bwino kutsutsa. Masana ali ndi nkhondo yake, kungoti imamenyedwa mosiyana. Mpunga wa ku IRRI uja unali m'madzi, ndiye masana unkadziziziritsa potulutsa nthunzi m'masamba. Chimanga chanu cha pa ng'amba chilibe mwayi umenewo. Dzuwa likakula chimatseka timabowo ta pa tsamba kuti chisunge madzi, ndipo chikatseka mpweya sulowanso, ganyu ija yaima dzuwa lili pamutu.

Pa chimanga cha kuno ku Africa pali kafukufuku wa David Lobell ndi anzake wa mu 2011. Anatenga zotsatira za minda yoyeserera chimanga yoposa 20,000 ya bungwe lofufuza za chimanga ndi tirigu la CIMMYT ndi anzawo, ya pakati pa 1999 ndi 2007. Anawerengetsa kutentha kulikonse kopitirira madigiri 30. Digiri imodzi pamwamba pa 30 ikakwana maola 24 powonkhetsa, zokolola zinkatsika ndi 1 pa 100 pamene mvula inali yokwanira, koma pa chilala zinkatsika ndi 1.7 pa 100. Kutentha kopitirira 30 kumachitika makamaka masana, ndiye apa inu mukulondola. Nthawi yoopsa kwambiri ndi ya ngaiyaye ndi ndevu, chifukwa mungu ndi ndevu zikauma chitsononkho chimatuluka cha magweru.

Choncho masana amapha poyera, mumaona ndi maso chimanga chikufota. Usiku umaba mwakachetechete, munda uli wobiriwira ngati wa bambo a ku Nkhotakota, mudzadziwira pa sikelo.

Wa ku Chikwawa:
Apo ndiye ndamva. Bola mwavomera kuti dzuwa nalo ndi chilombo.

Bambo wa mbatatesi ku Dedza:
Ine ndikufuna ndiyankhule ngati munthu wa kumtunda, chifukwa nkhani yathu ikusiyana ndi ya kunyanja. Tili ana, mu Juni ndi Julayi m'madambo a kuno munkagwa chisanu choti m'mawa udzu unkayera. Ndikukumbuka bambo anga atayima m'dimba m'mawa wina, mbatatesi yonse masamba atada ngati wathira madzi owira, iwo osayankhula kanthu, anangotola khasu n'kubwerera kunyumba. Masiku ano chisanu chotere chikubwera mwa apo ndi apo. Ndiye kwa ife usiku kufundako pang'ono nthawi yozizira kwatithandiza, sindinama.

Koma mbali inayi ndaionanso. Ndikabzala mochedwa kuti izikula mu Okutobala, mbatatesi imatalika kufika m'mawondo, masamba ochititsa kaso. Pokumba ndiye ndimapeza tating'onoting'ono ngati mazira a njiwa. Ogula a chipisi sayang'anako n'komwe.

Mlangizi wopuma ntchito:
Ndi nkhani yomweyo bambo. Mbatatesi imayamba kuika pansi usiku ukamazizira, makamaka pansi pa madigiri 15. Ukamapitirira 20 imasiya kutumiza chakudya pansi, chonse chimathera ku mitengo ndi masamba. N'chifukwa chake mbatatesi ndi ya ku Dedza, Ntcheu, Tsangano ndi malo ena okwera, osati ya ku Salima. Sikuti ku Salima kulibe nthaka yabwino, koma kulibe usiku umene mbewuyi imafuna.

Mphunzitsi wa ku Mulanje:
Ndakhala ndikuwerenga mwachidwi. Funso langa ndi ili: chimapangitsa n'chiyani kuti usiku uzitentha msanga kuposa masana? Ana a sukulu akandifunsa ndiziwauza chiyani? Dzuwa ndi limodzi lomwelo.

Wophunzira ku Bunda:
Aphunzitsi, auzeni za bulangeti. Masana nthaka imamwa kutentha kwa dzuwa, usiku imakubweza kumwamba. Kumwamba kukakhala koyera, nyenyezi zili ngwee, kutenthako kumathawa ndipo m'bandakucha kumazizira kwambiri. Ndiwo usiku umene bambo a ku Dedza ankapsera mbatatesi. Koma kukakhala mitambo, chinyezi chambiri mumpweya, ndiponso mpweya wa carbon dioxide wochuluka, kutenthako kumatsekeredwa pansi ngati munthu wafunda bulangeti. Mitambo yomweyo masana imatchinga dzuwa, ndiye imachepetsako kutentha kwa masana uku ikuonjezera kwa usiku. Komanso usiku mpweya wa pafupi ndi nthaka susakanikirana kwambiri ndi wa kumwamba, ndiye kutentha kulikonse koonjezera kumaunjikana pansi pompano pamene pali mbewu zathu.

Za kuno kwathu manambala alipo. Lipoti la nyengo ya Malawi limene linatuluka kudzera ku UNDP linaonetsa kuti kutentha kwa dziko lino kunakwera ndi madigiri 0.9 pakati pa 1960 ndi 2006. Pakati pa 1960 ndi 2003, chiwerengero cha masiku otentha kwambiri m'chaka chinaonjezereka ndi pafupifupi 30, koma usiku wotentha kwambiri unaonjezereka ndi 41. Ndiye za ku Philippines zija si zachilendo kuno.

Mphunzitsi wa ku Mulanje:
Zikomo mwanawe, za bulangetizo ana amva msanga. Kuno timazionera pa tiyi. Mu Juni ndi Julayi chiperoni chikagwa tiyi amaima kuphuka, otchola ambiri ntchito imawathera. Kukayamba kufunda mvula n'kugwa, nsonga zimatuluka mosalekeza. Ndiye ndimaona ngati kwa mbewu ina, pa nthawi ina, usiku wofunda ndi dalitso.

Wophunzira ku Bunda:
Ndi zoona aphunzitsi, ndipo apa ndi pamene nkhaniyi imandikomera. Tiyi amasiya kuphuka kukazizira kufika cha m'ma digiri 12 kapena 13, ndiye kwa iye kufunda kwa nyengo yozizira kumamudzutsa. Yankho si limodzi kulikonse.

Mu 2013 magazini ya Nature inatulutsa kafukufuku wa Shushi Peng ndi anzake, wina ameneyu, osati wa mpunga uja. Iwo anagwiritsa ntchito zithunzi za setilaiti kuona kubiriwira kwa zomera kumpoto kwa dziko lapansi, n'kulekanitsa kutentha kwa masana ndi kwa usiku. M'nkhalango zozizira komanso zachinyezi za kumpoto kwenikweni, masana akafunda zomera zinkabiriwira kwambiri, koma usiku ukafunda zinkabwerera m'mbuyo. M'madera ouma zinatembenuka: kutentha kwa masana ndiko kunkaononga chifukwa kumaumitsa nthaka. Ndiye ukangotenga kutentha kwa tsiku lonse n'kupeza pakatikati, ziwirizi zimabisana, sungaone chimene chikuchitika.

China chimene chinandidabwitsa m'kalasi ndi cha ku Inner Mongolia, ku China. Shiqiang Wan ndi anzake ankatenthetsa udzu wa kutchire ndi nyali zamagetsi, malo ena masana okha, ena usiku wokha. Udzu wotenthetsedwa usiku unadyadi shuga wake wambiri, koma kutacha masamba anagwira ntchito molimbika kuposa kale mpaka kubweza zimene anataya n'kupitirira. Zili ngati munthu wogona ndi njala amene amalawirira kumunda. Koma umenewo ndi udzu wongofuna kukula masamba. Mpunga umene ukudzaza njere uli ndi masabata ochepa okha, masikuwo akafupika palibenso pobwezera.

Mwana wa kwathu ali ku England:
Moni nonse kumudzi. Ine ndimagwira ntchito mu greenhouse ya tomato kuno, ndipo zimene mukukambazi ndimazigwira ndi manja. Kompyuta imene imayendetsa nyumbayi ili ndi muyeso wa masana ndi muyeso wina wa usiku, ndipo wa usiku amautsitsa dala. Dzuwa likamalowa mawindo a padenga amatseguka okha kuti kutentha kutuluke. Nditangofika ndinkadabwa kuti anthu amene amalipira ndalama zambiri kutenthetsa nyumba akutayiranji kutentha madzulo. Kapitawo wathu anandionetsa mzere umodzi umene unali pafupi ndi paipi yotentha imene inkachedwa kuzima: mitengo yake inali yotalika, yowonda kunsonga, maluwa ofooka. Mizere ina inali yonenepa, zipatso zili mbwee.

Ndiye amayi a ku Ntcheu, ngati muli ndi kagreenhouse ka pulasitiki musamatseke mbali zonse usiku nthawi yotentha. Ndaona pa zithunzi anthu kumudzi akutseka ndindindi poopa tizilombo. Ikani neti m'mbali kuti mphepo izidutsa.

Mayi wa tomato ku Ntcheu:
Mwana wanga, greenhouse ndilibe, ndi dimba la pamtetete. Nanga ife tichite bwanji? Usiku sitingauzimitse ngati nyali.

Mlangizi wopuma ntchito:
Kuuzimitsa sitingathe mayi, koma kuuzemba tingathe. Chida chachikulu chimene mlimi ali nacho ndi tsiku lobzala. Werengani chobwerera m'mbuyo: mbewu yanu imachita maluwa patapita masabata angati chiokereni? Ndiye konzani kuti maluwa ambiri agwe mu Ogasiti ndi Seputembala, Okutobala azikupezani mukuthyola. Ndikudziwa kuti mtengo wa tomato umakoma nthawi imene aliyense walephera, ndipo n'chimene chimakukokerani ku miyezi yovutayo. Ngati mukufuna msika umenewo, funsani kwa ogulitsa mbewu mtundu wopirira kutentha, ndipo phimbirani nthaka ndi udzu wouma. Nthaka yosaphimbira imamwa dzuwa tsiku lonse n'kumalibweza ku mbewu usiku ngati mbaula. Yophimbira simwa kwambiri.

Kwa bambo a ku Nkhotakota, mbuzi zija ndi zimene zinakulowetsani m'mavuto, chifukwa zinakankhira ngala zanu pakati pa miyezi yotentha kwambiri kunyanja. Mpunga umachita maluwa chakum'mawa dzuwa litakwera, ndipo pa nthawi imeneyo kukapitirira madigiri 35 njere zambiri zimakhala mankhusu opanda kanthu. Ndiye taonani bwino mpunga wanu. Ngati popeta munauluka mankhusu ambiri, masana anachitapo kanthu. Ngati njere zilipo koma zopepuka, zoyera pamimba ndi zosweka, umenewo ndi usiku.

Mlimi wa ku Nkhotakota:
Alangizi, ndapita kukaona pamene tinapetera. Mankhusu alipo koma si ambiri kuposa zaka zina. Vuto ndi njere zenizenizo. Ndatenga dzanja limodzi la mpunga wa chaka chino ndi lina la Kilombero amene tinakolola mu Juni n'kuika pa mbale imodzi. Wa mu Juni njere zake zikuwala ngati galasi, ukaluma ikulimba. Wa mu Novembala ukaluma ikungofumbutuka.

Wophunzira ku Bunda:
Kilombero wa dzinja amadzaza njere mu Epulo ndi Meyi, usiku utayamba kuzizira. Mitundu ndi yosiyana inde, koma nyengo imene anakhwimirayo ikuonekera pa mbale yanuyo.

Wa ku Chikwawa:
Nanga kuthirira madzulo sikungathandize kuziziritsa munda? Kuno ena amatero pa chimanga cha m'dimba.

Mlangizi wopuma ntchito:
Pa chimanga ndi mpunga zingathandizeko pang'ono kuziziritsa nthaka, makamaka ngati mukulowetsa madzi atsopano ochokera kumtsinje m'malo mwa amene akhala padzuwa tsiku lonse. Koma pa tomato ndi mbatatesi samalani. Masamba akagona onyowa usiku wofunda, mwaitana chiwawu. Thirirani pansi pa tsinde, osati pamasamba.

Bambo wa mbatatesi ku Dedza:
Chimene chikundidetsa nkhawa ine ndi cha mtsogolo. A kunyanja akhoza kusintha mwezi wobzala. Koma usiku wa kuno ukapitiriza kufunda, mbatatesi izithawira kumtunda, ndipo kumtunda kwa ife kulibenso minda, ndi phiri ndi nkhalango basi. Ana anga ndawaphunzitsa ndi mbewu imeneyi.

Mphunzitsi wa ku Mulanje:
Bambo, nkhawa yanu ndi yomveka. Ine pempho langa ndi lakuti tiyambe kulemba tokha. Pa wailesi a zanyengo amatchula manambala awiri pa dera lililonse, lapamwamba ndi lapansi, koma tonse timangomvera lapamwamba n'kumati lero kutentha. Lapansilo ndilo la usiku. Kusukulu kwathu tili ndi kachipangizo koyezera kutentha kamene kamasunga nambala yapamwamba ndi yapansi ya tsikulo. Ndiyamba ndi ana a Fomu 2, azilemba m'kope m'mawa uliwonse asanalowe m'kalasi.

Woyang'anira gulu:
Ganizo labwino aphunzitsi. Amene ali ndi kachipangizo kotere, kapena amene amamvera zanyengo tsiku lililonse, azitumiza kuno nambala ya usiku Lamlungu lililonse, atchule dera ndi mbewu imene ili m'munda. Pokolola tidzayerekeza. Kachipangizoko muzikaika pamthunzi podutsa mphepo, osati pansi pa malata.

Mayi wa tomato ku Ntcheu:
Ine ndilibe koma mwana wanga amaona zanyengo pa foni, ndizimutuma. Alangizi, ndikafuna maluwa mu Ogasiti ndiye kuti nazale ndifese liti? Kuno mu Juni mbande zimachedwa kukula ndi kuzizira.

Mlangizi wopuma ntchito:
Fesani chakumapeto kwa Meyi kapena kumayambiriro kwa Juni, mayi. Nthawi yozizira mbande zimatha masabata asanu kapena asanu ndi limodzi zisanafike pookera. Usiku muzifunditsa nazale ndi udzu pa kathandala, m'mawa n'kuchotsa.

Mlimi wa ku Nkhotakota:
Zikomo nonse, mwandimasula. Mayi a kunyumba ndawawerengera zonse zimene mwalemba, ndipo akuti chaka chamawa nazale tidzaitchinga ndi mpanda wa bango tisanafese n'komwe. Misere ija tasiya kuigulitsa motchipa, tisunga ya phala la ana. Alangizi, ndikubweraninso mu Juni kuti tiwerengere limodzi masiku ookera.